Mikwamba Inayi ndi Theka

"Baikal wanuyo akumudziwa ndani kuno? Ndikufuna injini yanga, alamu!"

Anakuwa choncho achimwene a mkazi wanga pagombe la ku Nkope, azimayi oyanika usipa atatchera khutu. Tsikulo ndinabwereka boti lawo kukatenga chimanga ku Makokola. Pobwerera injini inazima. Ndinakoka chingwe kasanu, osalira. Mtima unandikwera, ndinaiponda ndi chidendene, iyo n'kuguluka, phava, m'madzi. Ndinafika ndi nkhafi.

Ine ndine wa ku Ntcheu, kuno ndine mkamwini chabe. Kusambira sindidziwa, koma jogalafe ndinakhoza bwino ku Fomu 4. Ndiye ndinawaphunzitsa alamuwo: nyanja yakuya koposa padziko ndi Baikal ya ku Russia, kenako Tanganyika, ndipo yathuyi ili m'gulu lomwelo, mamita mazana asanu ndi awiri.

"Injini yapita basi," ndinatero. "Ngakhale ng'ona sifikako. Tingopepesana."

"Yagwera pati?"

"Moyang'anana ndi mlambe wong'ambika uja."

Gombe lonse linafa nalo phwete.

"Wallahi, pamenepo ndi mikwamba inayi!" anatero alamu, akutambasula manja onse awiri kundionetsa mkwamba ngati ndine mwana. "Kuya kwanuko kuli kumpoto, ku Nkhata Bay uko. Kuno ndi m'mbale, aphunzitsi."

Ndikanakhala chete zikanatha bwino. Koma ndinati buku silinama, amanama ndi mbuli zonunkha nsomba. Mkazi wanga anali pakati pa oyanika usipa aja. Anapukuta manja pachitenje, n'kubwera pang'onopang'ono.

"Bambo, injini imeneyo ndi imene imatidyetsa, inu ndi mbulife. Ikapanda kutuluka mawa, mutuluka ndinu. Mukapime nyanja kwanu ku Ntcheu."

Nyumba ndi yake, mudzi ndi wa kwawo. Sankaseka.

M'mawa mwake ine ndi alamu tinapalasa mpaka moyang'anana ndi mlambe uja. Ndinamanga mwala kuchingwe, kuuponya, kuukoka, n'kuyeza ndi manja anga.

"Inayi ndi theka. Munanama, alamu."

"Thekalo mukalifotokozere nsomba."

Ndinavula malaya, n'kudzimanga chingwe m'chiuno, china chokamangira injini m'manja. Nsonga ndinawapatsa iwo.

"Ndikagwedeza kawiri, mundikoke."

"Tikamva kuti mwafika ku Russia, tikukokani."

Ndinatsina mphuno, n'kudumpha.