Kugogoda kwa pansi pa injini

Amuna anga ankagwira ntchito pa chipatala cha mishoni kufupi ndi Itepela, ndipo ankayenda m'midzi ya Ngauma kubaya anthu jekeseni. Njinga yamoto, imene kwathu timati mota, anawasiyira ndi wansembe wina wokalamba pobwerera kwawo. Inali yakuda, ya silinda imodzi, yakale kuposa ukwati wathu.

Chaka chimene asilikali a Chipwitikizi anayamba kusonkhanitsa anthu m'midzi yozingidwa ndi waya, mota ija inayamba kulira mwachilendo. Amuna anga sankamva bwino, chifukwa kwinini amene anamwa ali mnyamata anawagonthetsa pang'ono. Choncho m'mawa wina anaikankhira pansi pa chigafa cha fodya, naipalasa mpaka inalira, kenako anandipatsa sikuludalaiva yaitali.

"Nsonga muike pa injini, chogwirira pakhutu. Yambani pamwamba. Mukumva chiyani, mayi?"

"Ngati nkhuku ikujompha m'mbale yachitsulo."

"Amenewo ndi mavalavu, amalira choncho chibadwire. Tsitsani."

Ndinatsitsa mpaka pakati. Panali kaphokoso kowayawaya. Anati pisitoni yokalamba imatero ikazizira, ndipo ikatentha imakhala chete. Tinakwera tonse mpaka kumtsinje kuti injini itenthe, n'kubwerera. Kaphokoso kaja kanathadi. Koma pansi penipeni panatsala kulira kwina, kolemera, ngati munsi ukugunda mumtondo wopanda kanthu. Pokwera chitunda kunkakula. Akatsitsa moto kunkamveka padera, gu, gu, gu.

Ndinawauza zimenezo. Anakhala pansi, napukuta manja nthawi yaitali.

"Ndi biyela," anatero. Biyela ndi ndodo imene imagwira pisitoni, ndipo kumunsi kwake kunali kutadyeka. "Ikathyoka imaboola injini. Tawamva bwino matenda ake."

"Tawamva? Kodi munakwatira ine kapena makutu anga?"

"Makutu ndiwo ndinayamba kuwaona. Anali kuonekera patali."

Ndinawaponyera chiguduli cha oyilo. Ndicho chinthu chomaliza chimene ndikukumbukira kuti tinaseka.

Wodziwa kusula chitsulo chotere anali ku Cuamba, kumene Apwitikizi ankakutcha Nova Freixo, pafupi ndi malo okonzera sitima. Amuna anga anathira oyilo wolimba kuti kugogoda kuchepe, ndipo anati ayenda pang'onopang'ono, kupumitsa injini pa mtsinje uliwonse. Chikwama cha mankhwala anachimangirira kumbuyo monga mwa masiku onse. Nthawi imeneyo chikwama chotere chinali mlandu, chifukwa boma linkati anamwino akuda akuchiza anthu a m'tchire omenyana ndi boma. Iwo sankafunsa wodwala kumene wachokera.

Sanabwerere. Mvula inayamba, tinadzala, tinapalira. Ku mishoni anati sakudziwa. Ku boma la Mandimba anati munthu wotero sanadutsepo.

Kenako mbiri inabwera ndi ogulitsa nsomba: akuti anawaona tsidya la Malawi, mota itakonzedwa, mkazi wa Chiyao atakhala kumbuyo. Amalume anga anailandira msanga nkhaniyo. Kwathu mwamuna amakhala kumudzi kwa mkazi, ndipo mkamwini wothawa si chinthu chachilendo.

"Mkamwini ndi mlamba, mwana wanga, sachedwa kuterereka," anatero amalume. "Dziwa kuti wakusiya. Usakalambe ukuyang'ana kumsewu."

Apongozi anga, mayi awo a amuna anga, nawonso anaigwira nkhaniyo ndi manja awiri. Kwa iwo mwana wothawa ndi mkazi wina anali mwana wamoyo. Ankabwera kudzandipepesa, maso ali gwa, akumwetulira pang'ono. Ine ndinkafuna zinthu ziwiri zimene sizikanatheka pamodzi: kuti akhale moyo, ndiponso kuti akhale sanandisiye.

Fodya atauma ndinapita ku Mandimba kukagula mchere. Ndinali pakhonde la sitolo pamene ndinamva gu, gu, gu, kuchokera kumtunda kwa boma. Ndinaidziwa isanaoneke. Amene anaikwera anali sipayi, wapolisi wachikuda wa boma, mwamuna wachikulire wa Chimakuwa. Anaima pafupi ndi ine, injini ikulirabe, akuiyang'ana mokwiya.

Ndinaima n'kumvetsera, ndipo mutu wanga unagwira ntchito wokha. Kugogoda kunali komwe kuja, pamalo pomwe paja, kutangokula. Palibe amene anatsegula injini imeneyo. Biyela yotere sikanafika ku Cuamba n'kubwerako, sikanayenda m'misewu ya ku Malawi ndi anthu awiri. Mota imeneyi sinapitirire Mandimba.

"Bambo," ndinatero, "imeneyo musaithamangitse. Ndi biyela. Ikatentha imalira kwambiri, eti?"

Anandiyang'ana modabwa, kenako anaseka. "Mayi, ndinu makaniko? Ndimangopita nayo kumsika n'kubwerera, koma ikundichititsa manyazi. Mwini wake ananenanso chimodzimodzi. Tikumutsitsa pa chipata chathu cha pamsewu, iye n'kumatidandaulira kuti tisaithamangitse, biyela yadyeka. Munthu ali m'manja mwa boma, koma akudera nkhawa chitsulo!"

"Nanga mwini wakeyo ali kuti, bambo?"

Kuseka kunatha. Anayang'ana mchere umene ndinanyamula, nayang'ana nkhope yanga. Anazimitsa injini. Msika wonse unamveka: nkhuku, mawilo a ngolo, mayi wina akutsutsa mtengo wa usipa.

"Sadzaifunanso," anatero motsitsa mawu. "Sanakhalitse. Pepani, mayi. Musanene kuti mwamva kwa ine."

Sanaipalasenso. Anaikankha ndi manja kubwerera kumtunda.

Ndinafika kumudzi tsiku lotsatira, n'kuyamba kwa apongozi. Ndinawapeza akusankha nyemba. Ndinawauza zonse mwadongosolo, monga mmene ndazilembera pano: kumene kulira kunkachokera, chifukwa chake mota sikanafika kutali, ndi mawu a sipayi. Anamvetsera osasiya nyemba.

"Chitsulo chinganame," anatero.

"Sichinama, amayi. Ndinachimva ndi makutu omwewa."

"Ukanandisiyira mwana wanga wa ku Malawi uja," anatero. "Ameneyo ndinkamupempherera." Ndiye anagwetsa lichero.

Maliro tinalira opanda mtembo, mwakachetechete, chifukwa kulira munthu wofera m'manja mwa boma kunalinso mlandu. Amalume anabwera ndi lumo la kumeta. Asanayambe anagwada patsogolo panga, chinthu chimene sanachitepo, nati, "Anali mwamuna wa pakhomo pano."

Anayamba kumeta apongozi. Ine ndinali wachiwiri.