Nyumba ya matayala ya alamu anga

Lachiwiri lapitali ndinapezeka ndagona chagada pansi pa minibasi ku Sinda, nditavala buluku langa lopitira kutchalitchi, oilo akundidonthera pakhosi. Ine si makaniko. Chimene ndimadziwa pa galimoto n'kulimbirana mpando wa kuwindo basi. Koma alamu anga anati, "Lowani inu alamu, msana wanu ukadali wanthete," ndiye ndinalowa, n'kumawalitsa tochi ya foni pa zitsulo zimene sindizidziwa ndi maina omwe.

Mwina mukufunsa kuti ndinkafuna chiyani kumeneko. Tinkagula nyumba, abale. Nyumba ya matayala.

Alamu angawo ndi a Tembo, akalipentala, kwawo ndi cha ku Sinda komweko. Adakwatira alongo anga aakulu, aNabanda, n'kubwera kudzakhala chikamwini kumudzi kwathu ku Vubwi ine ndisanadziwe n'kupukuta mamina komwe. Pano zaka zapitirira makumi atatu. Zitseko zambiri za m'mudzi mwathu zidatuluka m'manja mwawo, ndipo nyumba imene amagonamo, ya njerwa zootcha ndi malata, adaimanga okha kuyambira pa maziko.

Matenda a nyumba yoyendawa adawatola kuno ku Katete mwezi watha. Adabwera kudzagula misomali ndi guluu, ndiye pomwetsera mafuta padaima galimoto yoyera yaitali ya azungu awiri okalamba, ali pa ulendo wa ku Malawi. Anthu ena ankangosuzumira pawindo. A Tembo adapempha ndi Chingelezi chawo cha kupulayimale, adaloledwa kulowa, n'kutulutsa tepi m'thumba. Azungu aja adachedwa ulendo chifukwa cha mkulu wina amene ankayeza makabati awo.

Atafika kunyumba kwanga sanakhale n'komwe pansi.

"Alamu, muli bedi loti masana limasanduka tebulo. Muli chitofu cha gasi, kafiriji, mpopi wotuluka madzi, sola padenga. Chimbudzi chilimonso."

"Chimbudzicho chili pati?"

"Pafupi ndi pophikira. Kungotembenuka basi."

Ndinati ayi, pamenepo ndiye azungu andilaka. Ife chimbudzi timachikumba kuseri kwa khola, ndipo munthu popita kumeneko amanamizira kukaona mbuzi.

Kuyambira tsiku limenelo foni yanga sinapumenso. A Tembo, munthu amene kale ankangodziwa kuimba kamodzi n'kudula kuti uwaimbire ndiwe, adaphunzira kutumiza zithunzi. Galimoto yoyamba inali yochokera kunja, yopangidwa kale, yokhala ndi bafa lomwe. Yokongola, sindikana. Koma mimba yake inali pafupifupi kukhudza pansi, ndipo aliyense amene adayendapo msewu wa kwathu nthawi ya dzinja akudziwa kuti ikadasiya matumbo pa kamtsinje koyamba. Nanga kachitsulo kakathyoka, mukakapeza m'sitolo yanji? Mtengo wake titauona tinangozimitsa foni.

Yachiwiri inali kalole ka bokosi, kolimba bwino, kotalika miyendo. Koma kukwera kwake kumafuna makwerero, komanso dizilo kamamwa mopanda chisoni.

Yachitatu ndi imene idatikanganitsa. Inali ambulansi yakale, makabati ali kale m'katimo. A Tembo adaikonda zedi. Ine ndidati, "Alamu, mukafika nayo kumudzi imeneyi, azimayi ayamba kulira musanazimitse n'komwe injini." Adaganiza masiku awiri, kenako adavomera.

Ndiye tinathera pa minibasi ya a Saidi, mkulu wa sitolo ku Sinda, ya denga lalitali, imene idayenda pakati pa Katete ndi Chipata mpaka mipando yake kutuluka mawaya.

"Motoka iyi siidwala, abwana," anatero a Saidi akuisisita. "Mipando chabe ndiye inasila."

"Mipando ndichotsa yonse," anatero a Tembo.

"Basi ndiye mwagula nyumba!"

A Tembo sanapupulume. Anagogoda paliponse kufunafuna dzimbiri, anaimirira m'kati kuona ngati mutu ukugunda denga, anakanda matayala ndi chikhadabo, anamvetsera injini atatsinzina. Zapansi ndi zimene anandisiyira ine ndi buluku langa.

Titamaliza tinakhala pamthunzi kuseri kwa sitolo, tikudya nzimbe. A Tembo anatulutsa kope lawo la miyezo n'kundionetsa m'mene adzaikonzere m'kati. Ntchito yake inali yaukhondo, mizere yowongoka bwino. Bedi mbali imodzi, pansi pake bokosi la sowo ndi hamala. Chigubu cha madzi kumbuyo. Kasola kakang'ono kotchajira foni ndi wailesi. Za gasi ayi, mbaula yomwe ija, yophikira panja. Chimbudzi palibe, poti tchire silinathe m'dziko muno.

Koma bedi lija linali lopapatiza. Ndipo pakhoma adajambulapo msomali umodzi, pansi pake n'kulemba kuti kapu.

Pakamwa panga mukupadziwa.

"Nanga alongo anga, ndi thupi lawo lija, mudzawagoneka pa kaliyala wa padenga?"

Ndinaseka ndekha. A Tembo anaika nzimbe pansi n'kutseka kope.

"Alamu, iyi si yoyendera ayi. Ndi yodzatulukira."

Anandifunsa ngati ndikuwakumbuka a Mwale a kutsidya kwa dambo. Ndikuwakumbuka, maliro a akazi awo ndidalipo chaka chatha. Chimene sindidaone n'chimene chidachitika atameta. Achibale a mayi aja adawathokoza a Mwale ndi mawu okoma kwambiri, n'kuwasudzula kuti akaone kwawo. Mkulu uja adachoka ndi thumba limodzi pa njinga, kusiya nyumba ya malata imene adamanga ndi thonje la zaka zambiri. Kwawoko adapeza makolo adatha kalekale, minda adagawana ena. Pano akugona m'khitchini ya mwana wa mlongo wawo.

"Alongo anu atagwa mwezi wa Meyi, magazi atathamanga muja," anatero a Tembo, "ndidakhala pabenchi la kuchipatala n'kumaganiza. Malata sindinganyamule. Njerwa sindinganyamule. Ndiye ndidati bola ndimange yoti ndidzanyamuke nayo."

"Koma angakuthamangitseni ndani inuyo?"

"Si inu nomwe mumanena, alamu? Khirisimasi iliyonse. Mumati ndidabwera ndi bulangete limodzi, ndidzabwerera ndi lomwelo."

Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo nzimbe ija sindinaimalize.

N'zoona, ndimanena. Ndakhala ndikunena kuyambira ndili mnyamata, anthu n'kumaseka, a Tembo nawonso n'kumaseka. Si chilamu nanga? Mlamu timamunena, iye n'kubweza, n'kudyera limodzi. Koma ndidaiwala chinthu chimodzi. Amalume athu atamwalira, mwini mbumba ndine. Tsiku la kusudzulalo likadzafika, wodzaimirira kulankhula ndine ndemwe. Ine ndinkaona ngati ndikucheza, pamene mnzanga ankamva chigamulo chikuwerengedwa chaka ndi chaka.

Musandimve molakwa. Chikamwini sindikuchinyoza, ndidabadwiramo. Chidasunga amayi athu pa nthaka yawo, ana sadasowe pogwira. Ndipo amayi amene adapita kuchitengwa amadziwa bwino ululu womwewu, ena mpaka kulandidwa ndi mbale zomwe. Funso langa ndi lakuti, kodi munthu amasiya liti kukhala mlendo? Akamanga nyumba? Akabereka ana asanu? Akakhoma mabokosi a maliro a apongozi ake onse awiri osalandira kanthu? A Tembo zonsezi adachita, koma mumtima ankadziwerengera kapu imodzi.

Ndipo vuto lathu n'lakuti nkhani zotere timaziopa anthu ali moyo. Ukangoiyamba amati ukulosera imfa. Timadikira mpaka tsiku lometa, pamene woyenera kumuikira kumbuyo munthuyo ali kale kumanda.

Minibasi adagula ndithu. Lachinayi tinanyamuka nayo, a Tembo akuyendetsa mwaulemu moti njinga zamoto zinkatipitirira zikutiimbira belu. Ine njira yonse ndinkakonza mawu oti ndiwauze, koma ndikati nditsegule pakamwa, tinkagwera m'dzenje.

Tinawapeza aNabanda pakhonde akuswa mtedza. Iwo adauzidwa kuti galimotoyi ndi yonyamulira mipando ndi zitseko kupita nazo kumsika. Anaizungulira kawiri, anasuzumira m'kati, kenako anatola kope lija pampando wa dalaivala. Alongo anga sukulu sadapite nayo patali, koma chithunzi cha bedi sichifuna satifiketi.

"A Tembo, bedi ili n'la yani?"

"Pokagulitsa kutali, munthu ukhoza kugonamo."

"Kapu imodzi?"

A Tembo anavula chipewa.

"Chichokereni a Mwale simudya bwino, mumayesa sindiona? Mwandiika kale m'manda ine? Ndikadapuma, ndikukuchapirani, inu muli kalikiliki kukonza pothawira?"

A Tembo anangoti maso pansi, chipewa chili m'manja. Ine ndinayamba kubwerera chambuyo pang'onopang'ono kuti ndikaone mbuzi, koma ndinachedwa.

"Iwe, ima pomwepo! Ndi pakamwa pakopo. Bulangete lakolo ndalimva mpaka makutu kuwawa. Lero ulankhula zina."

Munthu wa ndevu zanga, wolemba m'nyuzi, kunenedwa kuti iwe pamaso pa nkhuku ndi adzukulu!

Dzuwa lisanapendeke anali ataitana mbumba yonse, alongo athu aang'ono, ana awo, ndi aliyense amene tsiku lina angadzakhale ndi pakamwa pa nyumba ija. Ndinaimirira ndi buluku langa la oilo. Ndinapepesa kwa a Tembo, ndipo kupepesa kwa mlamu wako pagulu si masewera. Kenako ndinanena kuti nyumba ija ndi munda wa kudambo n'za a Tembo, kaya alongo anga atsogole kaya atsale, ndipo pamudzi pano adzachoka tsiku limene tidzawanyamule ife tomwe kupita nawo kumanda athu. Tinalemba mawuwo m'kope lomwe lija, kuseri kwa chithunzi cha bedi, aliyense n'kusaina. Odziwa malamulo adzandiuza ngati pepalalo likuperewera penapake, tidzakonza. Chachikulu n'chakuti zanenedwa eni ake onse akumva.

A Tembo analandira kope lawo. Anangoti, "Zikomo, alamu," n'kupukuta m'maso ndi chipewa.

Poti ine sinditha kukhala chete nthawi yaitali, ndinati ndiye minibasiyi ibwerere kwa a Saidi.

"Ibwerere kukatani?" anatero aNabanda.

Anasolola pensulo kukhutu kwa amuna awo n'kukulitsa bedi lija ndi mzere wokhotakhota, woti kalipentala aliyense akhoza kudwala nawo mutu.

"Zaka zonsezi simunandipititseko kupitirira Chipata. Chaka chino ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika tikagona m'menemu, osati pamkeka kwa eni ake. Muike makatani, sindifuna kundisuzumira ngati azungu anu aja. Pakhomo muike sitepe, maondo angawa mukuwadziwa. Ndipo za chimbudzi pafupi ndi mapoto anga ndisazimve."

A Tembo ankangolemba zonse akumwetulira.

Ndiye inu amene mumawerenga danga lino, ndikufunseni. Nthabwala ija mumaibwereza chaka ndi chaka pakhomo panu, ija anthu amafa nayo n'kuseka, mudayamba mwayang'anapo nkhope ya amene mumamunenayo anthu atamaliza kuseka? Mukudziwa zimene akujambula m'kope lake?

Lachisanu m'mawa ndikutsanzika, ndinamva hamala ikulira m'minibasi. Ndinasuzumira. Mipando inali itatuluka kale, ndipo a Tembo anali atakhomera thabwa kukhoma. Pathabwapo panali misomali iwiri, yoyandikana.

Anandiona, anachotsa msomali wina umene anauluma pakamwa, n'kuuponya m'bokosi.

"Wachitatu sindikhoma, alamu. Inuyo mukagona pa kaliyala. Mubwere ndi bulangete lanu."