Nati ya Amalume

Kwathu munthu akati "dikirani pang'ono", dziwani kuti dzuwa likulowerani pomwepo. Akati "tawonjezerani ndiwo pang'ono", akufuna mbale idzaze. Ine ndinakula ndikudziwa kuti pang'ono ndi ulemu chabe, si muyeso, ndipo mawu amenewa amandinyansa mpaka lero.

Nditapeza ntchito kubungwe lina la mpingo ku Nairobi, ndinkakhala ku Madaraka kwa amalume, alongo awo a mayi anga. Munthu anali wofatsa, wosamwa, wosasuta, koma anali ndi nthenda imodzi: kuwombera chandamale. Anali ndi mfuti ya laisensi, ndipo Loweruka lililonse ankapita kukalabu ina kutchire, kupitirira Syokimau, nyumba zonse zija zisanamangidwe. Zipolopolo zam'sitolo sankazikhulupirira. Ankadzaza okha kwa fundi wina wachikenya, mmisiri wa zamfuti wovomerezeka ndi boma, ku Industrial Area, m'kachipinda konunkha girisi, kuseri kwa garaja ya malole.

Chaka chimene ankapuma pantchito, manja awo anayamba kunjenjemera. Kapu ya tiyi inkalira pasosala. Akazi awo anawauza kuti zamfuti zithe basi. Amalume anakana, koma anadzipatsa okha chigamulo: mpikisano womwe unkabwerawo ukawayendera bwino apitiriza, akalephera akapereka mfuti ndi laisensi kupolisi. Ananena zimenezi tili patebulo, ndipo sanali munthu wobweza mawu.

Anandipempha kuti ndikawathandize kwa fundi. Wonga anayeza okha pasikelo, mwachifatse mpaka ine tulo. Yanga inali ntchito yomaliza, yomwe iwo ankaitcha kirimpu: kufinya kukamwa kwa chigoba chamkuwa kuti chigwire mutu wa chipolopolo. Pamwamba pa makinawo panali nati, ndipo ukaimanga kwambiri nawonso makina amafinya kwambiri.

"Mphwanga, zala zangazi sizikugwira. Uimange pang'ono natiyo, kenako uzitsitsa mkonowu," anatero amalume, n'kutuluka kukamwa mapiritsi awo.

Ndinaganiza ngati Mmalawi. Wamkulu akakutuma n'kunena kuti pang'ono, akungokupeputsira ntchito, iwe uyenera kuonetsa khama. Ndinaizunguza natiyo kamodzi kathunthu, n'kuwonjezeranso kuti asanene kuti mwana wa mlongo wawo ndi waulesi. Fundi anali pakhomo pomwepo akukangana ndi wamkokoteni, munthu wokankha ngolo ya katundu. Kufunsa sindinafunse. Safunsa anadya phula, koma phula limeneli anadya ndi amalume.

Atabwerera anatola chimodzi, n'kuchiyendetsa pakati pa zala zonjenjemerazo, n'kuchiika m'bokosi. Magalasi anali atawaiwala m'galimoto.

Tsiku la mpikisano ndinaima kumbuyo kwawo. Anagona pamphasa, n'kupuma monga ankachitira nthawi zonse, n'kuwombera. Chipolopolo china kumwamba, china kumanzere, china sichinakhudze n'komwe pepala. Anzawo achikenya ankangoti "pole, mzee". Pole ameneyo, pepani wa Chiswahili, ankandibaya, ngakhale pa nthawiyo ndinkaganiza kuti ndi chisoni chabe. M'galimoto anagwira chiwongolero kwa nthawi yaitali osaliza injini.

"Manja apita, mphwanga," anatero.

Lolemba anavala suti, n'kukapereka mfuti ija.

Patapita milungu ingapo, akulongedza katundu wobwerera kumudzi, anakumbuka kuti m'kabati ya fundi munatsala zipolopolo zawo zingapo. Anandituma ndikamuuze aziphwasule. Fundi anatulutsa chimodzi, n'kuchiyang'ana ndi galasi lokulitsa, nkhope n'kusintha.

"Nani alifanya hii? Wachita izi ndani? Wachinyonga pakhosi! Taona mkuwa wapindika, mutu waphwanyika. Ngakhale mnyamata wa maso akuthwa sangalase kanthu ndi ichi."

Ndinati amalume anandiuza kuti ndimange pang'ono.

"Kidogo ni kidogo, bwana! Pang'ono ndi pang'ono basi!" Anandionetsa ndi chikhadabo, kakuyenda kosakwana njere ya mpunga.

Ndinayenda wapansi kuchoka ku Industrial Area mpaka ku Madaraka, maminibasi awo aja amati matatu akundiimbira mahutala, ine ndikudzitukwana. Ndinakwiyira chiyankhulo chathu, ndinakwiyira magalasi, ndinakwiyira ngakhale wamkokoteni uja. Koma dzanja lomwe linagwira nati linali langa.

Ndinawapeza amalume pabalaza, pakati pa makatoni, akukulunga makapu m'manyuzipepala. Ndinagwada, chinthu chomwe ndinali ndisanachitepo ku Nairobi, n'kuwafotokozera zonse. Ndinkafuna andikalipire, andithamangitse m'nyumba mwawo, bola mtima wanga upepukidwe. Laisensi inali itafufutidwa kale, ndipo lole yonyamula katundu inkabwera Lachisanu.

Sanakalipe. Anaika kapu pansi, n'kutambasula manja awo onse awiri pamaondo, n'kuwayang'ana nthawi yaitali akunjenjemera.

"Ndiye kuti manjawa ndinawanamizira?" anafunsa.

Kenako anatola kapu ina n'kupitiriza kukulunga.