Tsiku Limene Mng'ono Wanga Anapempha Futali

Mng'ono wanga anabwera kudzakhala nafe ku Area 23 atayamba kale kutsokomola. Mwamuna wake anali atamwalira ku Blantyre, ndipo abale a mwamunayo anasesa m'nyumba monse n'kumusiyira chikwama cha zovala basi. Zinali zaka zija zipani zitangochuluka kumene, pamene sabata sinkatha osamva kulira m'dera lathu. Matendawo tonse tinkawadziwa, koma palibe ankawatchula dzina. Tinkangoti akudwaladwala.

Ine ndine wapakamwa, sindibisa. Pa kiyosiki ya madzi ankandidziwa kuti munthu akalowerera mzere ndimamuuza pomwepo, kaya ndi mkazi wa ndani. Ndi Mulungu ndinkayankhulanso chimodzimodzi, mosazungulira, chifukwa ndinkamuona ngati wakwathu. Ndinakulira m'tchalitchi, kwaya ndinaimba mpaka mawu kusasa, pamaliro a anzanga sindinkasowa. Choncho mng'ono wanga atagona pamphasa m'chipinda cha ana, sindinade nkhawa kwenikweni. Ndinkadziwa kuti ndili ndi pokadandaula.

Miyezi inapita. Kuchipatala anatipatsa mankhwala a chifuwa, kenako a m'mimba, kenako namwino wina anandikokera pambali n'kundiuza kuti ndizikangomusamalira kunyumba. Thupi linatha ndikuona. Mtsikana amene kwathu ankasenza dengu la chimanga kuchokera kumunda osatula panjira, ndinayamba kumunyamula ndekha popita naye kubafa, ndipo sankalemera kuposa mtolo wa mapesi. Ndinasala kudya, ndinagwada mpaka mawondo kuda, koma m'mawa uliwonse ndinkamupeza atachepako.

Iye ankapempha chinthu chimodzi chokha. "Achemwali, mundiperekeze kumudzi, ndikawaone amayi."

Amayi athu anali ku Phalombe, miyendo itatupa, maso akuona mwa chimbuuzi. Ulendo wa basi sakanautha. Kuti awiriwa aonane, woyenda anayenera kukhala wodwalayo.

Koma m'tauni aliyense ankadziwa tanthauzo la ulendo wotero. Mukaona banja likukweza munthu m'basi atamufunditsa bulangete dzuwa likuswa mtengo, wina atanyamula kabeseni, simunkafunsa. Ameneyo akukafera kwawo. Wamoyo amakwera basi ngati wina aliyense, koma maliro amafuna galimoto yakeyake, imene anthu ngati ife sitikanaipeza.

Amuna anga anali kalipentala ku Biwi. Kale ankakhoma mipando ndi makabati, koma zaka zimenezo shopu yonse inali itatembenukira ku mabokosi a maliro, poti ndiwo ankayenda malonda. Tsiku lina atayang'ana mlamu wawo ali chigonere, anandiitanira kuseri.

"Amayi, mutengeni panopa akadali wotha kukhala pampando wa basi. Mukachedwa mudzalira kawiri."

"Inu maso anu azolowera kuyeza anthu ndi tepi," ndinawayankha. "Mng'ono wanga si kasitomala wanu."

Anangopukusa mutu n'kukwera njinga yawo.

Masana kunkabwera amayi a mapemphero, motsogozedwa ndi neba wathu wogulitsa mandasi, mayi wa mawu aakulu oti akayamba kupemphera agalu a m'mudzi wonse ankayankha. Iwo atamva za ulendowo anagwira pakamwa.

"Sisitala, mukamukweza basi ndiye kuti mwamuuza Mulungu pamaso kuti walephera. Shuwa mungachite zimenezo? Chikhulupiriro chanu mwasiya kuti?"

Ndinasowa pogwira. Ndikayang'ana amuna anga ndinkaona kuti akunena zoona. Ndikamva amayi aja ndinkachita manyazi. Ndikalowa m'chipinda, mng'ono wanga ankangondiyang'ana ndi maso aakulu aja, osandikakamiza, ndipo zimenezo ndizo zinkandipweteka koposa.

Tsiku lina kum'mawa ndinali kuseri kwa nyumba ndikuchapa zitenje zimene mng'ono wanga anaonongera. Sopo anali atatha, ndinkangofikisa ndi manja, fungo likundibwera kukhosi. Mtima unandiwawa mwadzidzidzi, ndipo ndinayamba kuyankhula mokweza ngati ndikukangana ndi munthu pamsika.

"Kodi mulipo? Ndikufunsa, mulipo kapena ndakhala ndikuyankhula ndi malata a denga? Ngati mulipo ndionetseni. Maloto sindikuwafuna, amalota ndi oledzera omwe. Mwana uyu wasiya kudya, phala tikuchita kumutsegula pakamwa. Ngati mulipo ndipo mumuchiritsa, apemphe yekha chakudya ndi pakamwa pake. Akapanda kupempha pofika Loweruka, ndimukweza basi, ndipo musadzandifunse kanthu."

Nditatha ndinachita mantha. Ndinayang'ana uku ndi uku. Nkhuku ya aneba inkapalasa pamulu wa phulusa, wailesi ikuimba m'nyumba ina, ana akukanganirana mpira wa mapepala. Palibe chinagwedezeka. Ndinayanika zitenje zija n'kukatereka phala.

Sabata yonseyo sanapemphe kanthu. Madzi omwe ndinkachita kumudonthezera ndi supuni. Ndinawauza amuna anga kuti ndavomera, tinyamuka Loweruka. Ndinalongedza chikwama, ndinachapa bulangete, ndinabwereka kabeseni kabwinoko. Mumtima mwanga munali zii. Yankho ndinali nditalilandira, ndipo ndinkaliopa kulinena ngakhale kwa ine mwini.

Loweruka kutacha, ndikumanga mpango, ndinamva mawu m'chipinda.

"Achemwali, mbatata ilipo m'nyumba muno? Ndikulakalaka futali."

Ndinamupeza atakhala tsonga, yekha, msana atatsamira khoma. Ndinathamangira kumsika osavala nsapato, mtedza ndinasinja misozi ikugwera mumtondo. Anadya. Anadya ndi dzanja lake, n'kunyambita zala, n'kundinena kuti mchere ndachulutsa monga mwa chizolowezi changa. Kenako anapempha chipeso. Anatuluka akugwira khoma mpaka pakhonde, n'kukhala pamenepo akuothera dzuwa, akuseka ana anga mmene ankavinira pabwalo. Kuseka kwake ndinali nditakuiwala.

Amuna anga anaima ndi chikwama m'manja. "Amayi, lero ndiye tsiku labwino loyenda. Taonani akuyenda yekha. Tikafulumira kudepoti basi tiipeza."

Ndinawalanda chikwamacho. Iwo sankadziwa zimene ndinapangana kuseri kwa nyumba, ndipo nditawauza anangoyang'ana pansi. Munthu ungamukweze bwanji basi ya okafa pa tsiku limene Mulungu wayankha mawu ako onse, osasiyako ndi limodzi lomwe?

Mng'ono wanga anationa tikulimbirana chikwamacho. "Si lero tikupita kodi, achemwali?"

"Upita utanenepako," ndinatero. "Amayi asakakugwire mafupa okhaokha. Ulimbe kaye pang'ono, tidzapita tonse tikuimba."

Anandiyang'ana kanthawi. "Chabwino," anatero, n'kupitiriza kupesa tsitsi lochepa limene linamutsalira.

Masana amayi a mapemphero anadzaza nyumba. Kunali nthungululu, kunali kuvina, ine ndinaimirira pakati n'kupereka umboni, ndikufotokoza mmene ndinamufunsira Mulungu ndi mmene anandichititsira manyazi. Sindinasangalalepo m'moyo mwanga ngati tsiku limenelo.

Lamulungu sanathe kudzutsa mutu. Tsiku lotsatira anasiya kuyankhula. Amuna anga anakafunsa za basi, koma tonse tinkaona kuti palibe kondakitala amene akanalola munthu wotero. Ndinabwerera kuseri kuja, pamalo omwe aja, ndinagwada m'matope a madzi ochapira. Ndinapempha, ndinakalipa, ndinapepesa, ndinatsitsa pempho langa mpaka kungoti amupatsenso tsiku lina limodzi lotha kukhala pampando. Anamwalira mkati mwa sabata yomweyo, masana, ana ali kusukulu, ine nditamugwira phazi.

Bokosi anakhoma ndi amuna anga, ndipo sanandikumbutse ngakhale liwu limodzi la zimene ananena. Uthenga tinatumiza pa wailesi. Amalume anafika titaika kale, kumanda a m'tauni, pakati pa anthu osamudziwa.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi zimene ndinamva pamene azimayi a m'dera lathu ankasambitsa thupi. Ankanong'onezana kuti kudzuka kuja kunali kutsanzika, odwala ambiri amatero akatsala pang'ono. Amanena ngati nkhani yodziwika kwa aliyense. Ndipo wa mandasi uja, yemwe uja anatsogolera nthungululu, anandigwira phewa n'kunena kuti, "Sisitala, tithokoze, Ambuye anamupatsa mphamvu yoti akutsanzikeni bwino." Ndinachotsa dzanja lake paphewa langa. Ndikanatsegula pakamwa, maliro akanasanduka ndewu.

Anthu amandiuza kuti ndisadziimbe mlandu. Sindidziimba. Ndinapempha chizindikiro, ndinachitchula ndi dzina, chinabwera pa tsiku lake. Munthu aliyense wopemphera akanachita monga ndinachitira. Funso langa lili kwina. Ngati kumwamba kulibe aliyense, ndiye kuti thupi la mng'ono wanga linangoyaka komaliza ngati nyali yotha mafuta, ndipo ine ndinavinira mphepo. Ngati aliko, ndiye kuti anamva mawu anga onse kuseri kuja, anadziwa mmene ndidzawamvere, n'kundisiya ndimasule chikwama. Ndayesa kusankha chopepukirapo mwa ziwirizi, ndalephera. Kutchalitchi ndimapitabe, nyimbo ndimaimba, koma akati titseke maso, anga amakhala otsegula.

Patapita masabata angapo ndinanyamula zovala zake kupita nazo kumudzi kuti akagawane abale, monga mwa mwambo. Ulendo wonse chikwamacho chinali pamiyendo panga. Ndinafika dzuwa litapendeka, ndinawapeza amayi atakhala pamkeka kukhonde, miyendo atatambasula. Titalira, anapempha chikwamacho. Ankatulutsa chovala chimodzichimodzi, n'kuchipapasa, n'kuchinunkhiza, n'kuchiika pambali.

"Amalume ako akuti anadzuka, anadya, anayenda," anatero osandiyang'ana.

"Eya, amayi."

"Anandifunsa?"

"Tsiku lililonse."

"Nanga tsiku limenelo bwanji simunabwere naye, mwana wanga?"

Sanafunse mokalipa. Ankangofuna kudziwa. Ndinawauza kuti tinkaona ngati Mulungu wayankha.

Diresi la mng'ono wanga linali m'manja mwawo. Kenako anatembenuzira nkhope yawo kumene kunkachokera mawu anga.

"Ndiye anayankha kuti chiyani?"

Ine wapakamwa uja ndinangotola chovala china m'chikwama n'kuyamba kuchipinda. Amayi anadikira.