Tsitsi la amama

Ndinachoka ku Misuku mwana wanga Tumpale atangosiya kuyamwa. Bambo ake anapita ku Tunduma kukaoda katundu, mpaka lero akuodabe. Ndiye nditamva kuti mayi wina wa ku Zomba amene ankagwira ntchito pa Boma la Chitipa wasamutsidwira ku Lilongwe ndipo akufuna mtsikana wa m'nyumba, sindinaganize kawiri. Amama anangoti, "Luta waka, Lusubilo, ingopita, mwana ndilera ine." Anandiperekeza mpaka pamsewu, Tumpale ali kumbuyo kwawo, tsitsi lawo lambiri lija likutulukira m'mbali mwa duku.

Ku Lilongwe ndinalibe munthu. Nyumba ya mpanda, geti lachitsulo, galu. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama pafoni n'kuimba, koma kwathu netiweki imagwira pamwamba pa phiri pokha, ndiye amama ankakwera ndi mwana n'kumayankhula ali wefuwefu. Ine ndinkati ndi phiri.

Madamu anazindikira kuti ndimatha kuluka tsitsi. Lamlungu lililonse masana ankakhala pampando, ine chiimire kumbuyo kwawo ndi chipeso, iwo n'kumaonera mafilimu. Ankakonda a mtundu umodzi: munthu akudwala khansa, akudziwa kuti afa. Ankalira mpaka maso kufiira, ikatha n'kuika ina. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, Chizungu chawo chothamanga chija sindinkachimva, ndinkangotsatira zithunzi. Koma zithunzi ndinazigwira bwino. Mzimayi apesa tsitsi, tsitsi litsalira m'chipeso. Kenako mpala. Kenako bedi loyera, maluwa, kanyimbo kapansipansi, ana ake atamuzungulira. Filimu iliyonse njira yake inali yomweyo, ndipo ine ndinaloweza kuti khansa imayambira kumutu.

Kanthu kaja ndinakapeza ndikusamba, mwezi wa Juni. M'bere lakumanzere, kolimba, kukula ngati njere ya khofi, kosapweteka. Ndinakhala pansi m'bafa momwemo, chimene chinandibwerera m'mutu ndi Tumpale ataima pambali pa bedi loyera. Kenako ndinagwira tsitsi langa n'kukoka. Silinazuke. Ndinakokanso. Mtima unatsikako.

Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse ndinkapesa nditayala chitenje choyera pamiyendo, n'kuyang'ana. Tingapo tokha, ngati kale. Ndinkadziuza kuti ndi mkaka wotsalira. Kanjere kaja kanakula kufika ngati nzama, koma tsitsi linalipo, ndiye sindinauze munthu. Ngakhale lero ndikamalemba izi dzanja langa limapita lokha kumutu.

Lamlungu lina, mzimayi wa m'filimu atavula chipewa, pakamwa panga panangotuluka mawu.

"Madamu, matendawa akamulowa munthu, tsitsi limayamba kuthothoka pakapita miyezi ingati?"

Anaseka misozi ili m'masaya. "Iwe Lusu, si matenda amathothola tsitsi. Ndi mankhwala. Ukaona wampala, ameneyo ndiye ali ndi mwayi, akumuthandiza. Kumudzi kwanu uko anthu amangopita nalo tsitsi lawo lonse." Anagwira mutu. "Bwanji waima? Maliza mbali iyi, mawa ndili ndi msonkhano."

Ndinamaliza. Mizere yake inapindika koma sanaone.

Akanakhala wina akanawauza pomwepo, chipatala chachikulu chili mumzinda womwewo. Ine mantha anandiuza kuti akandigoneka pabedi loyera lija sindidzatulukanso, ndipo Tumpale adzangomva kuti anali ndi mayi. Ndinanama kuti mwana wadwala. Lachitatu ndinakwera basi, Mzuzu, Karonga, Chitipa, kenako kumbuyo kwa lole yokwera mapiri, dzanja langa lili pachifuwa njira yonse.

Ndinafika nthawi yothyola khofi. Tumpale anandithawa, n'kukabisala kuseri kwa nthochi. Amama ndinawapeza m'munda, atakhala pansi, akuthyola za m'nthambi zam'munsi zokha ndi dzanja limodzi. Anali atatha. Khosi ngati la nkhuku. Koma atavula duku kupukuta thukuta, tsitsi lonse linalipo, lakuda bii, lambiri ngati kale.

"Mwaonda, amama."

"Iwe wanenepa, zakwanira tonse. Bwera undiluke, kuno kulibe wodziwa."

Tinakhala pakhonde. Ndikuluka ndinamva fungo, losakanikirana ndi la masamba osinja. Ndinadziwa kuti ndikachedwa sindinena, ndiye ndinatenga dzanja lawo n'kuliika pabere langa.

Anakafinya kanthu kaja pang'onopang'ono. Sanadabwe. Anayang'ana ngati mwana ali pafupi, kenako anamasula chitenje chimene anamanga pachifuwa. Sindifotokoza zimene ndinaona. M'mafilimu onse aja sanaonetsepo zimenezo ngakhale kamodzi.

"Changa chinayamba chonchi," anatero. "Usanapite."

"Osanena bwanji?"

"Ndikananena ukanapita? Ndipo ndikanapita kuchipatala, uyu akanatsala ndi ndani?" Analoza Tumpale ndi mlomo. "Agogo ako chinawatenganso chomwechi. Tinkati chilonda cha kumtundu."

Ndinakumbukira wefuwefu wa pafoni uja. Miyezi yonse ija ine ndili kumbuyo kwa mpando kuonera azungu akufa mokongola, filimu yeniyeni inali kuno, yopanda kanyimbo, munthu wake akukwera phiri ndi mwana wanga kumsana kuti andiuze kuti onse ali bwino.

"Mawa tikupita ku Boma," ndinatero. "Tonse awiri."

"Ine ndachedwa."

"Ndiye mundiperekeze."

Anandipatsa chipeso n'kunena kuti, "Maliza kaye kuluka. Sindingaonekere kwa adokotala mutu uli theka."

Tinapita. Tumpale tinamutenga, chifukwa womusiyira panalibe. Amama anawapatsa mankhwala ochepetsa ululu ndi zomangira bala, ndipo namwino anayankhula nawo motsitsa mawu, ine ndinamva tanthauzo lake. Ine anandilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu, akachotse kachidutswa akapime. Ndinyamuka Lolemba. Sindikudziwa chimene akapeze.

Dzulo Tumpale analola kukhala pamiyendo panga koyamba. Amaseweretsa tsitsi langa, kulikoka, kuliika m'kamwa. Amama ali pamphasa anati, "Usawazule tsitsi amako."

Ndinati musiyeni azule. Ndinkaopa mpala kuposa chilichonse, koma kwathu kuno ndaona kuti akazi timaikidwa m'manda tsitsi lili lonse. Ngati chili chomwecho, Mulungu andichitire chifundo, langa lithothoke.