Ndinawaphunzitsa kuwerenga mtima wawo

Ntchito ya ku kiliniki ndinaipeza ndili kale ndi imvi. Ndinali nditangomaliza sukulu ya akuluakulu ku tchalitchi kwathu, cha ku Palabana, ndipo namwino wamkulu, ba Sista, atafuna munthu wodzipereka wodziwa manambala, abusa anatchula ine.

Tebulo langa linali pakhonde. Wodwala akafika ndinkamukhazika kuti ayambe wapuma, kenako ndinkamumanga lamba wa makina a BP pamwamba pa chigongono, mkono uli patebulo, n'kudina batani. Lamulo la ba Sista linali lalifupi: "Manambala akakwera, niitaneni. Akakhala bwino, wotsatira."

Panali bambo wina, a Mwanza, wogulitsa mkaka pa njinga. Ankafika thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, akunena kuti mtima ukufuna kuima. Makina ankakana. Ba Sista anawatumiza ku chipatala chachikulu ku Lusaka, nakonso sanapeze kanthu. Koma a Mwanza ankabwerabe.

Tsiku lina ndinawagwira dzanja. "Ikani zala ziwiri apa," ndinatero. "Muziwerenga mwekha, muone kuti mtima ugunda bwino." Ndinkanyadira nzeru zanga zatsopanozo, ndipo ndinkayesa ndawapatsa mankhwala.

Kuyambira pamenepo zala zawo sizinachoke pamkono. Akamakwera chitunda mtima n'kuthamanga, ankatsika panjinga, kukhala pansi, kuwerenga, mkaka n'kumasasa m'zigubu. Anasiya njinga. Anasiya khasu. Anasiya ngakhale kwaya, poti kuimba kunkawathetsa mpweya. Mantha ankathamangitsa mtima, ndipo mtima ukathamanga mantha ankakulirakulira.

Komaliza anabwera tsiku la sikelo ya ana, khonde litadzaza amayi ndi makanda olira. Anali ataonda, koma sankanjenjemera. Ndinaganiza kuti ayamba kuchira.

"Shani ba Mwanza?" ndinawapatsa moni. "Mtima wanu uja wa ng'ombe ukuti bwanji lero?"

Sanaseke. Lamba akufufuma pamkono, ananena motsitsa mawu: "Ba Zulu, nalema. Munthu wina amafa kamodzi chabe. Ine nimafa tsiku lililonse."

"Aa, imwe! Onani manambala, ni a mnyamata!"

Ba Sista anafuula ali m'kati: "BP ili bwino? Wotsatira!"

Ndinamasula lamba. A Mwanza anandigwira chanza ndi manja awiri, kundithokoza chifukwa cha zonse, n'kunyamuka. Sabata isanathe tinamva kuti adzipha.

Pamaliro mkazi wawo anandiuza kuti: "Anali kukukhulupirirani kwambiri." Ananena mwaulemu, osandidzudzula. Ndikanakonda akanandinyoza.

Pambuyo pake kunabwera mlangizi wa za maganizo kudzatiphunzitsa. Anati munthu woopa galu amathawa galuyo, koma woopa kugunda kwa mtima wake alibe kothawira, ndipo ena otere amayamba kuona imfa ngati mpumulo. Anatinso mantha amenewa ali ndi chithandizo chake. Ine ndinangowerama. Chithandizocho chinalipo a Mwanza ali moyo.

Ndikadali patebulo lomwe lija. Masiku ano munthu wamantha akafika, manambala ali bwino, sindifulumira kumasula lamba. Ndimafunsa chimene akuopa, ndimafunsanso mosabisa ngati waganizapo zodzipha, ndipo akavomera ndimalowa naye kwa ba Sista, mzere udandaule. Ena amabweranso, ena sindidziwa kumene anathera.

Sindinaphunzitsenso munthu kuwerenga mtima wake. Koma pakhonde pakakhala zii, ndimapeza zala zanga ziwiri zili pamkono panga.