Mapulagi a galimoto ya a Lezala

A Lezala, ometa aja a pafupi ndi siteji ya basi, amakonda zinthu ziwiri pa dziko lino: galimoto yawo ndi akazi awo. Za choyamba n'chiti tisakambe, chifukwa tonsefe makosi athu amadutsa pansi pa lumo lawo.

Galimotoyo ndi nkhalamba yobiriwira ya mphuno yaitali, nyali zozungulira ngati maso a kadzidzi. Anawasiyira malemu bambo awo. Akuti inapangidwa misewu isanabwere, ndipo inakhala zaka zambiri ikudikira kuti aikonzere poyenda. M'mawa uliwonse a Lezala amaipukuta ndi thaulo lofewa kuposa limene amakulunga m'khosi mwa makasitomala.

Mu shopu, lumo lili m'manja, a Lezala ndi kamvuluvulu. "Dzulo ndinadutsa basi ngati yaima," amatero, kasitomala n'kuvomera, poti munthu sutsutsa lumo lili pakhutu. Koma pamsewu, kalanga ine! Tsiku lina nkhuku inawoloka kutsogolo kwawo, kukaikira dzira tsidya linalo, n'kubwerera, iwo asanafike pamalopo.

Tsono mapulagi, tizitsulo tothetheka moto mu injini tija, sali amodzimodzi. Ena amasunga kutentha n'kumawotcha okha mwaye; amenewo ndi a galimoto yoyenda mwaulemu. Ena amazizira msanga; amenewo ndi a anthu othamanga, amene injini zawo zimachita kuyaka. Wogulitsa masipeya m'tauni yathu ndi mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, ndipo iye asanatsitse kabokosi pa shelefu amayamba wafunsa.

"Alamu, mumayendetsa bwanji?"

"Ine? Funsani apolisi apamsewu. Amangoona fumbi."

Mlamuyo ankawapatsa ozizira aja. Pasanathe nthawi mapulagi ankada bii, injini n'kuyamba chifuwa, kenako zii pakati pa msewu. A Lezala ankatsala pa chiwongolero, poti wina aliyense sachidziwa, ndipo okankha anali mayi akunyumba. Anakankha mayi aja mpaka manja awo anayamba kuopsa onyamula katundu kumsika.

Zinafika pamapeto tsiku limene inazima kutsogolo kwa banki, anthu ali pamzere, chidendene cha nsapato yatsopano ya mayi n'kuthyoka. Sanakalipe. Ananyamula nsapatoyo m'manja n'kulankhula motsitsa, zimene zimaopsa kuposa phokoso.

"Bambo, Loweruka tikukaona mwana wathu ndi khanda lake. Ikakazimanso, wogula zitsulo zakale ndalankhula naye kale. Akuti akaisungunula, mutuluka mapoto abwino."

A Lezala anataya mtima. Tsiku limenelo anameta aphunzitsi ena mbali imodzi yokha n'kuwauza kuti ndi sitayilo. Madzulo anatseka shopu dzuwa likadalipo, anamasula pulagi imodzi ndi sipanala, n'kukaiika pa kauntala ya mlamu wawo.

Mlamuyo anaitembenuza ndi nsonga za zala. "Alamu, iyi ndi pulagi kapena mwandibweretsera khala la mbaula?"

"Ndi katundu wanu wachinyengoyo."

"Katundu wanga alibe mlandu. Ndifunsenso: mumayendetsa bwanji?"

A Lezala anayang'ana uku ndi uku. M'sitolomo munali amakanika awiri, makasitomala awo onse. Mapoto anawabwerera m'mutu, komabe lilime linathamanga lokha.

"Ngati mphezi."

"Chabwino. Ndikutseka, mundiperekeze kunyumba, ndiione mpheziyo."

Ananyamuka. Njinga zinawadutsa. Ngolo ya abulu inawadutsa, bulu mmodzi akuyang'ana m'mbuyo mwachisoni. Mkulu wina wa ndodo anawapeza, anawapatsa moni pawindo, anafunsa za ana mmodzimmodzi, kenako anapepesa kuti ali pachangu.

"Alamu, giya yachitatu ilipo m'galimoto muno?"

"Ilipo."

"Nanga?"

"Ndikuisunga. Masiku ano sizipezeka."

Mlamuyo anaseka mpaka misozi. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kabokosi kamene anali atatenga kale: mapulagi otentha, a mazinga ofanana ndi akale aja kutalika kwake, kuti angakagunde pisitoni, chitsulo chokwera n'kutsika mu injinimo. Anaima pambali pa msewu, anatsegula boneti, a Lezala akumanga, mlamu akuyeza kampata ka kunsonga ndi kachitsulo kopyapyala. Atatembenuza kiyi, nkhalamba ija inalira mosalala ngati mphaka wokhuta.

A Lezala anapukuta manja nthawi yaitali. "Alamu, zimene mwaonazi musakauze anthu."

"Anthu ake ati? Onse atidutsa."

Loweruka linafika. Mayi anakwera atavala nsapato zafulati, okonzeka kukankha, nambala ya wogula zitsulo ili pamwamba mu foni. A Lezala anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, khutu lili ku injini. Pa chitunda cha pa chipatala, pamene inkakonda kufera, anasiya kupuma. Galimoto inakwera osatsokomola ngakhale kamodzi. Pa mlatho, bwinobwino. Pa mphambano pamene panali mzere wautali, inaima n'kumang'ung'udza yokha, osazima. N'zoona kuti pofika anapeza khanda lija litamera mano ndipo likufunsa kuti agogo achedwa kuti, koma anafika onse awiri, wina aliyense ali m'kati.

Mayi anatsika, anayang'ana zikhatho zawo zoyera, kenako anasisita boneti ngati mutu wa mwana. Anaimba foni pomwepo.

"Achimwene, za mapoto zija musiye. Ikhala."

A Lezala anatembenukira kumbali, ati fumbi lawalowa m'maso.

"Ndiye poti ikuyenda," anapitiriza mayi, "Lolemba mundiperekeza kumsika. Lachiwiri kwa achemwali. Lachitatu kokonzetsa tsitsi, ndipo mudikira panja."

"Nanga shopu, mayi?"

"Tsitsi la anthu silithawa."

N'chifukwa chake mukuona amuna a m'tauni muno tikuyenda ndi mitu ngati tchire. Ometa athu ali pamsewu, mu giya yachiwiri, akumwetulira.